Bwato Lomwe Anadzalamo Maluwa

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Matiki, chimayamba kundifika ndi fungo la mtengo wauwisi wongosemedwa kumene, losakanikirana ndi utsi wa phula lomwe ankasungunula m'chitini chakale kuseri kwa nkhokwe, kenako m'makutu mumabwera kulira kwa nsompho yawo, go, go, go, kuyambira nkhuku zitangotuluka m'khola mpaka dzuwa litafika paliwombo. Zikatero pamabweranso ukali. Ndikuuziranitu kuti musadabwe nane, nkhani iyi sindimatha kuikamba mtima uli m'malo, ndipo zaka zonsezi sizinandiziziritse ngakhale pang'ono.

Agogo anali mmisiri wosema mabwato. Kwathu ndi mudzi wina kumunsi kwa Mtakataka, ndipo asodzi a mbali yonseyo ankadziwa kuti bwato la a Matiki silikankha munthu m'madzi. Pomwe ine ndinkazindikira zinthu anali atakalamba, maso atayamba kuchita ng'ala, ntchito yawo yangotsala yomata mabwato ong'aluka a anthu ena. Ine ndinali maso awo. Ankanditchula akazawo, monga amachitira agogo ndi mdzukulu wamkazi, ndipo tinkanyozana tsiku lonse.

"Akazanga Edina, madzi akumwa ali kuti? Ndikusiyani ukwati ine."

"Pitani! Angakufuneni ndani ndi mano awiriwo?"

Ankaseka mpaka kutsokomola. Koma pa nkhani ya bwato panalibe kuseka. Anali ndi malamulo awo omwe ankawabwereza mpaka ife ana tinawaloweza ngati katekisimu. Ankati bwato siliopa madzi, limaopa dzuwa, ukalisiya pamtunda osaliphimba limang'aluka ngati chidendene cha mlimi. Ankatinso bwato silithera pamtunda. Ukamaliza kusema umayenera kulilowetsa m'madzi iwe mwini wake, kukwerapo, kumva mbali yomwe yalemera, kubwerera kumtunda n'kupalako pang'ono, mpaka litakhala bwinobwino. Mmisiri wopereka bwato asanaliyese, iwo ankati ndi mfiti. Ndipo kukwera kwake n'kwakekwake, pakamwa pa bwato la kwathu ndi popapatiza, munthu umakhala pamwamba pa milomo yake, miyendo yokha n'kulowetsa m'kati, ndipo suimirira ngakhale uone ng'ona.

Zinali zaka zija matipate atakhazikika, pomwe aliyense wokhala ndi galimoto yaikulu ankangoloza tchire n'kunena kuti apa ndi panga. Ine ndinali sitandade faifi. Bwana wina wa ku Lilongwe, dzina lake sindilitchula lingandiwawitse m'kamwa, anatseka kamtsinje kena kuseri kwa Golomoti, kudera louma lija la minga ndi malambe, n'kupanga damu loti anthu a m'tauni azikapumulirako. Ankati kuzikhala kukwera maboti, kuwedza, kugona m'matenti ndi kuotcha nyama. Tsiku lina anatumiza kwathu mnyamata woyang'anira malowo, yemwe aliyense ankangomutchula kuti a Maneja. Anatsika m'galimoto magalasi akuda ali kumaso, makiyi akuzungulira pachala, ndipo anayamba nkhani ali chiimire, mphasa yomwe amayi anamuyalira osaiyang'ana n'komwe.

"Madala, tikufuna bwato lenileni lachikuda. Alendo amakonda zimenezo."

Mitengo ikuluikulu yosemera mabwato inali itatha kale m'dera lathu. Unatsala umodzi wokha, nsangu yomwe inali pakati pa munda wathu. Wolima kwathu kuno amaudziwa mtengo umenewu. Umayoyola masamba nthawi ya mvula pomwe ina ikuphuka, ndiye chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi manyowa omwe. Pansi pa nsangu imeneyo ndi pomwe pankachokera chimanga chodzaza theka la nkhokwe yathu. Amayi, mwana wawo wa agogo, anakana kwamtuwagalu.

"Bambo, mtengo umenewu ndiye feteleza wathu. Mukaudula tidzadya bwatolo?"

Agogo anasisita mpini wa nsompho. Kenako anati, "Mwanawe, ndiloleni ndisemeko limodzi maso asanatsekeretu. Ndatopa kumata zolakwitsa za anzanga."

Amayi analira, koma analola. Ine mpaka lero ndimati akanakana.

Anasema miyezi iwiri ndi theka, m'munda momwemo, pansi pa chisakasa chomwe anamanga kuti dzuwa lisalione. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira komweko ndi chigubu cha thobwa, ndipo ndinkawapeza ali m'kati mwa chipikacho mpaka m'chiuno, thukuta likutsikira m'ndevu, tizibanthu ta mtengo tili mbwee paliponse, akugogoda khoma la bwato ndi chala n'kutchera khutu kuti amve makulidwe ake popeza maso sankawathandizanso. Madzulo ankaliphimba ndi masamba a nthochi n'kuwazapo madzi. Linatuluka bwato lalitali, losalala, mphuno yake yokwezeka bwino, moti asodzi ankachoka kunyanja kudzangoliona n'kumagwira pakamwa.

Anali atapangana kale ndi mwini ngolo kuti Loweruka alitengere kunyanja akaliyese. Lachinayi kunatulukira lole, a Maneja ali kutsogolo.

"Silinathe," anatero agogo. "Sindinaliyese."

"Madzi ali konko madala, mukuvutikiranji? Tidzakutumizirani galimoto mudzaliyese nokha, mudzakhale woyamba kukwera."

"Ndiye mukafika mukalilowetse m'madzi lero lomwe. Lisagone padzuwa. Ndipo pasakwere munthu ine ndisanafike."

"Osadandaula, madala."

Osadandaula! Mawu amenewa ndikawamva lero, kaya kuchipatala kaya kubanki, ndimadziwiratu kuti ndagwa nayo.

Galimoto ija sinabwere. Mwezi unatha, wina n'kuthanso. Kukangomveka injini kumsewu, agogo ankalowa m'nyumba n'kuvala jekete lawo lakutchalitchi, kutenga nkhafi, n'kukhala pakhonde akuyang'ana komwe sankaona. Galimoto ikadutsa ankavula mwakachetechete n'kulipachika pamsomali. Ndinaziona zimenezi kangapo mpaka ndinayamba kudana ndi galimoto iliyonse. Mu Okutobala, kutentha kutafika poti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa, anandiitana.

"Akazanga, mawa mundiperekeze. Bwato lija likundisowetsa tulo. Likagwetsa mwana wa munthu, mlandu ndi wanga."

Tinakwera minibasi mpaka pa Golomoti, kondakitala akudandaula kuti nkhafi ibaya anthu m'maso, kenako tinayamba wapansi. Iwo anagwira phewa langa ndi dzanja limodzi, lina litanyamula nkhafi, nsompho ili m'thumba kumsana kwanga. Njira yake inali fumbi lokhalokha lotentha m'mapazi, mitengo yopanda tsamba, mbuzi zowonda zikunyambita makoko a malambe, kamvuluvulu akunyamula mapesi n'kukawamwaza kutali. Tinadutsa mjigo wina pomwe amayi anandandalika ndowa mpaka kumsewu, madzi akutuluka ngati misozi. Ndiye titangokhota pa phiri lina laling'ono, ndinaona kapinga wobiriwira, mipopi ikuzungulira yokha n'kumamwaza madzi m'mwamba. Ndinaima. Madzi kuthirira udzu woti palibe ngakhale mbuzi yoti iudye!

Mlonda wa pageti anali bambo wa konkuno, ndipo anawazindikira agogo. Anavula chipewa, kuwapatsa moni wa manja awiri, n'kutsegula kageti kakang'ono.

"Lowani, a Matiki. Koma mtima muugwire."

M'katimo munali dziko lina. Wailesi ikuphulika, utsi wa nyama yootcha uli tolo, ana onenepa akuthamangitsana ndi mpira, matenti amitundumitundu pansi pa mithunzi. Padamupo panali timaboti tapulasitiki tofiira ndi tachikasu, topalasa ndi miyendo ngati njinga, anthu atavala majekete a olenji oletsa kumira akukuwa ndi kuwazana madzi.

"Ukuliona pamadzipo?" anafunsa agogo.

"Ayi, agogo. Pali tapulasitiki tokhatokha."

"Yang'ana m'mbali, mwina alimangirira pamthunzi."

Ndinayang'ana, ndipo ndinaliona. Silinali m'mbali mwa madzi. Linali kutsogolo kwa bala, padzuwa la ng'ang'ang'a, atalikhazika pa njerwa ziwiri zasimenti. Analipaka penti yabuluu. M'kati anadzazamo dothi mpaka pakamwa, n'kudzalamo maluwa ofiira. Nsangu yathu, theka la nkhokwe yathu, miyezi iwiri ndi theka ya msana wa agogo anga, anthu anaona kuti n'chodzalamo maluwa. Ndinangowakoka dzanja n'kukaliika pamphuno ya bwatolo.

Analizindikira nthawi yomweyo. Dzanja linayenda pang'onopang'ono m'mbali, likudabwa ndi penti, kenako linakwera pakamwa n'kukumana ndi dothi lonyowa ndi masamba. Linaima. Linatsikanso, ndipo chala chinalowa mumng'alu womwe unayambira kumphuno mpaka pafupi ndi pakati. Anagwada pasimenti yotenthayo, jekete lakutchalitchi lili m'thupi, n'kupisa dzanja kunsi. Kunsiko anali ataboola mabowo anayi oti madzi othirira maluwa azitulukira.

"Inu madala, musagwire pamenepo, muthyola maluwa!"

Anali a Maneja, magalasi omwe aja, osapereka ndi moni womwe. Agogo anadzuka pogwira phewa langa.

"Ndinati lisagone padzuwa."

"Aaa, ndinu eti? Bwato lanu lija ndi lolakwika, madala. Tsiku loyamba lomwe linagwetsera mlendo m'madzi, kamera yake n'kuwonongeka. Mwayi kuti bwana sanakutengereni kupolisi. Ndiye tinaona kuti bola likongoletse malo."

"Anakwera bwanji mlendoyo?"

"Anakwera ngati mmene munthu amakwerera. Anaimirira kuti amujambule, basi lija gubudu."

Anaimirira! Munthu kuimirira m'bwato losayesedwa kuti amujambule, ndiye wolakwa akhale wosema? Ine ndinali mwana, koma tsiku limenelo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamuvula magalasi aja n'kumudyetsa. Ndipo chomwe chinawabaya agogo sichinali dothi kapena penti. Anali mawu akuti lolakwika, onenedwa mokweza pamaso pa anthu, kwa munthu yemwe moyo wake wonse sanamizepo msodzi ndi mmodzi yemwe.

Anatembenuza nkhafi n'kuyamba kufukula dothi lija, maluwa akugwera pasimenti. A Maneja anakuwa kuitana mlonda, koma mlonda anakhala ngati wagontha. Anthu anayamba kusonkhana, mabotolo ali m'manja. Bambo wina wamimba yaikulu, yemwe ankaoneka kuti mowa wamufika, anaseka n'kunena kuti, "Asiyeni madala ationetse, ife tabwera kudzasangalala!" Anzake anavomereza, ndipo a Maneja, poopa kukhumudwitsa alendo, anangopinda manja. Taonani, chilolezo choti mmisiri amalize ntchito yake chinachokera kwa munthu woledzera wofuna choseketsa.

Tinachotsa dothi lonse, ine ndi manja, iwo ndi nkhafi. Ananditumiza kukathyola nthambi youma, anasema zitsekerero zinayi ndi mpeni n'kuzikhomera m'mabowo aja. Za mng'alu anasowa chomatira, phula linali kutali kwathu. Ndiye anavula jekete lawo lija, lomwe ankalisunga ngati dzira, n'kung'amba nsalu ya m'kati mwake, kwee, n'kumaikanikizira mumng'alumo ndi nsonga ya mpeni. Mayi wina anawayandikira ndi kamera.

"Agogo, tayang'anani kuno, mumwetulire!"

Sanatembenuke.

Antchito anayi analinyamula mpaka m'madzi. A Maneja anati palibe wokwera popanda jekete la olenji. "Muvekeni mwanayu," anatero agogo, "ine ndinaphunzira kusambira bambo anu asanabadwe." Anandikhazika kutsogolo kuti ndiziwauza njira, iwo n'kukhala kumbuyo pamwamba pa milomo ya bwato, miyendo m'kati. Atangoviika nkhafi kawiri anaima n'kukhala ngati akumvetsera.

"Lalemera kumanzere. Tiye kumtunda."

Anthu anaseka poganiza kuti achita mantha. Iwo anatenga nsompho m'thumba, kupapasa mbali ya kumanzere, n'kutema kasanu kapena kasanu n'kamodzi basi, tizibanthu tabuluu tikuuluka, a Maneja akulira penti yawo. Tinabwereranso pamadzi.

Abale inu, bwato lija linayenda. Linang'amba madzi mowongoka ngati ulusi, osapendekera uku kapena uku, osachita phokoso, ndipo timaboti tapulasitiki tija tinatsala m'mbuyo tikupalapata ngati abakha. Mphepo inandiwomba kumaso. Nditacheuka ndinaona agogo atatsinzina, msana uli chilili, nkhafi ikulowa ndi kutuluka yokha, nkhope yawo ili ngati ya munthu amene wamva nyimbo yakwawo. Ndi zimenezo zokha zomwe zinkafunika, kutema kasanu kokha, ntchito yosatha ndi mphindi zomwe. Akanangotumiza galimoto ija.

"Likupendekeka, akazanga?"

"Ayi, agogo. Koma madzi akulowa."

Anali atafika kale m'akakolo. Nsalu ya jekete sinakwanitse kutseka zomwe dzuwa la miyezi iwiri linang'amba. Ndinkakapa ndi manja awiri koma ankandiposa, ndipo agogo anatembenuza bwato n'kulunjika kumtunda ine ndikuwauza njira, mpaka mphuno inagunda matope madzi ali m'mawondo. Anthu aja anawomba m'manja ndi kuimba malikhweru. Bambo wamimba uja anakuwa kuti, "Bwerezaninso madala!" Kwa iwo zinali zisudzo.

Agogo anapempha antchito aja kuti abweretse njerwa ziwiri zasimenti zomwe bwato linakhalapo. Anaziika m'kati, n'kulikankhira pamalo ofika m'chiuno mpaka lonse linabisika m'madzi. Umu ndi mmene asodzi amachiritsira bwato long'aluka, mtengo ukamwa madzi umafufuma, mng'alu n'kubwerera. Kenako anatembenukira komwe kunkachokera mawu a a Maneja, ndipo analankhula modzichepetsa moti mpaka lero zimandipweteka.

"Bwana, mwaona nokha kuti silolakwika. Chonde lisiyeni m'madzimo sabata imodzi. Ndidzabwera ndi phula, ndidzayenda ndekha, galimoto musavutike nayo. Ndidzaphunzitsanso anyamata anuwa kakweredwe kake."

"Tamva madala, osadandaula. Pitani bwino."

Tinanyamuka, zovala zikudontha, jekete long'ambika lili paphewa. Titangotuluka pageti ndinacheuka. Antchito aja anali kale m'madzi, a Maneja akuwalozera ndi makiyi. Anatulutsa njerwa, kupendeketsa bwato kuti madzi atayike, n'kuyamba kulikoka kukwera nalo mtunda wa miyala, wina akutolera maluwa aja pasimenti kuti asafote. Sanadikire ngakhale kuti tifike pokhota.

"Alisiya m'madzi?" anafunsa agogo.

"Eya, agogo. Alisiya."

Tinayenda mwina mapazi makumi awiri. Ndinali nditaiwala kuti ndi maso okha omwe anawathera, makutu anali akuthwa kuposa anga.

"Edina," anatero, ndipo aka kanali koyamba kunditchula dzina lokha popanda nthabwala, "ukafuna kunamiza wakhungu uzisankha malo opanda miyala. Ndalimva likulira."

Titafika kunyumba, nsompho anaiponya pansi pa bedi, ndipo sanaigwirenso. Asodzi akabwera ndi mabwato ong'aluka ankawabweza, ati pitani kwa ena, ine ndimasema zodzalamo maluwa. Dzinja limenelo chimanga cha pamalo pomwe panali nsangu chinaberekako ndithu, koma chaka chotsatira chinangofika m'chiuno n'kuchita chikasu, ndipo amayi ankati akafika pachitsa paja amalima atatembenukira kwina. Agogo anamwalira chaka chimenecho mvula isanagwe. Anthu anati ndi ukalamba. Anene zimenezo iwowo, ine ndinalipo.

Damu lija ndinapitakonso ndili wamkulu. Linadzaza mchenga, bwana uja anagulitsa malo, bala inasanduka khola la mbuzi. Bwato sindinalipeze. Mayi wina wa pafupi anandiuza kuti linaola kunsi chifukwa cha dothi lonyowa, ndipo zotsala zake anthu anawaza nkhuni.

Lero ndimakhala m'tauni, ndipo anzanga akuntchito akakonza ulendo wokapuma kumalo otere amadziwa kuti ine ndi wovuta kuyenda naye. Pa loji ina ndinapezanso bwato la mmisiri wina atalidzala maluwa pakhomo, ndipo ndinazula onse mmodzimmodzi alendo akuonerera, mpaka anandiperekeza kugeti. Sindinapepese, ndipo sindidzapepesa. Nsompho ya agogo ili kwanga, pamwamba pa kabati, mpini wake udakali ndi kadontho ka penti yabuluu komwe sindinakachotse dala.

Ana anga amadziwa lamulo limodzi la m'nyumba mwanga, mpando kapena tebulo sakoka pansi, amanyamula. Wina akaiwala n'kukhwekhwereza, ndimakuwa kuchokera kukhitchini mpaka aneba amamva. Iwo amaganiza kuti ndimadandaula simenti. Sindinawauzepo kuti phokoso limenelo ndi lomwe agogo anga anamva ali pageti, mdzukulu wawo akuwauza kuti eya, alisiya.